Adzukulu Anu a ku Joni Akubwera M'nyengo ya Udzudzu

Amalume,

Kuno ku Johannesburg tili bwino, kaya inu ndi mbumba yonse kwa Chowe? Ndalembera inu monga mwini mbumba, koma ndapempha kuti kalatayi isindikizidwe, pakuti nkhani yake si ya nyumba yathu yokha. Kuyambira pa mlatho wa Bakili Muluzi mpaka kukwera ku Namwera, ndi mudzi uti umene ulibe mwana ku Joni?

Munamva kale kuti m'Disembala muno ndikubwera ndi ana awiri, ndipo wamkuluyo adzatsala ndi amayi kuti ayambe sukulu ndi madrasa kumudzi. Ndikudziwa mmene mudzawalandirire: mpunga, nkhuku, aliyense kufuna kuwabereka. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi usiku, nyali zikazima.

Ana amenewa chibadwire sanakumanepo ndi malungo. Johannesburg ili pamtunda, ndi kozizira, ndipo udzudzu wofalitsa malungo suswana kuno. Malungo a m'dziko muno ali kutali, ku Limpopo, kuchigwa cha Mpumalanga ndi kumpoto kwa KwaZulu-Natal. Ife amene tinakulira m'mbali mwa nyanja ya Malombe tinadwala malungo kambirimbiri tili ana, ndipo amene tinapulumuka thupi lathu linaphunzira kulimbana nawo pang'ono. Adzukulu anuwa alibe mphamvu imeneyo m'pang'ono pomwe. Malungo amene mwana wa pamudzi angayende nawo n'kukafika yekha kuchipatala, iwowa angawakomole pamasiku ochepa.

Ndipo si ana okha. Mphamvu ija imatha munthu akakhala zaka kutali ndi udzudzu, koma anyamata athu kuno safuna kumva zimenezi. Amati, “Ine wa ku Mangochi, malungo ndi ine timadziwana.” Amabwera kumudzi patchuthi, kugona pakhonde chifukwa cha kutentha, n'kukwera basi m'Januwale ali gwa. Beitbridge adutsa bwinobwino, ntchito ayamba, kenako pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mutu uja wayamba, thupi kuphwanya. Amagula Grand-Pa pa spaza n'kumati ndi chimfine. Ena amaopa chipatala chifukwa mapepala awo anatha. Pomwe anzawo akumunyamula, munthu sakuzindikiranso aliyense. Tasonkhapo ndalama zotumizira maliro otere, ndipo uthenga umene umabwera kuchokera kumudzi ngwakuti anamulodza chifukwa cha nyumba ya malata imene anamanga. Amalume, mundikhululukire, koma mfiti zina zimene timazinena zili ndi mapiko, ndipo zimaswana m'zithaphwi za kuseri kwa bafa.

Mbali yanga ndakonza. Kufamase kuno kuli mapiritsi oteteza ku malungo a anthu apaulendo. Amtundu wina, atovaquone-proguanil, umayamba kumwa kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti ufike kumalo a malungo, n'kumamwa tsiku lililonse mpaka masiku 7 utachokako. Ngodula, koma sangapose mtengo wa bokosi la maliro. Doxycycline ngotsikirapo mtengo, kungoti sapatsa mayi woyembekezera kapena mwana wosakwana zaka 8. Mapiritsi otere ndi a mlendo wa masabata ochepa ngati ine ndi wamng'onoyu. Wotsalayo chomuteteza ndi neti ndi maso a amayi.

Pali chimene kwathu chilipo koma kuno kulibe. Malawi ndiye anali dziko loyamba kupereka katemera wa malungo kusikelo, mu Epulo 2019, ndipo Mangochi inali m'gulu la maboma 11 oyambirira. Mwana amabayidwa kanayi: pa miyezi 5, 6, 7, ndiye womaliza akayandikira zaka ziwiri. Kukiliniki za kuno katemerayu sapereka, ndiye m'kabuku ka ana anga, kamene kuno amati Road to Health, mulibemo. Ndidzabwera nako kabukuko kuti alangizi a zaumoyo akaone zimene analandira ndi zimene zatsala, monga katemera wa taifodi amene Malawi anayamba mu 2023, alembe m'buku la kwathu. Ndaona amayi anzanga akutumiza mwana ndi kondakitala wa basi, chikwama chodzaza zovala ndi nsapato, kabuku n'kutsala m'dirowa ku Mayfair. Agogo akafunsidwa kusikelo amangoti, “Anabayitsa kaya.” Katemera wa malungoyo sachotsanso ntchito ya neti, amangochepetsa ngozi.

Za madzi sindichulutsa. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu opitirira 1,700 m'dziko lonse, munamuona ndi maso anu kuposa ine amene ndinkangomva pa WhatsApp. Ana amwe madzi a pamjigo othira klorini kapena owiritsa. Kunyanja adzalirira, ndikudziwa, poti anzawo onse amakasamba. Koma m'madzi odekha a m'mabango ndi mmene muli nkhono za likodzo, ndipo mnyamata akakodza magazi si chizindikiro cha kukula ayi, ndi matenda, mankhwala ake alipo kuchipatala.

Tsono pempho langa ndi ili. Neti zimene boma linagawa zibwerere pamphasa. Ndikudziwa kuti imodzi inatchinga dimba la tomato ndipo ina anyamata anaisoka kukhala khoka. Ngati zonse zinatha, ndiuzeni msanga ndigule zina. Muikoleke bwino, m'mphepete mwake mulowe pansi pa mphasa, pasakhale pobowoka. Mwana akatentha thupi, kaya ndi usiku kaya mvula ikugwa, asayambe ndi panado n'kudikira kuche kawiri. Apite naye akamubaye chala, ndipo mukawauze achipatala kuti mwanayu ngobadwira ku Joni, sanadwalepo malungo. Akampatsa mankhwala a LA amalize masiku onse atatu ngakhale ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Ndalama ya kabaza ndidzaisiya kwa inu, osati kwa amayi, pakuti iwo adzaigulira sopo.

Mundiperekere moni kwa amayi, azakhali ndi onse a pamudzi. Kalatayi muiwerengenso pamaso pa anyamata amene akukonzeka kubwerera kuno m'Januwale.

Ine mwana wa mlongo wanu,
ku Johannesburg