Tsiku la 40 Silibwera Lokha

Mwana wina wa m'kalasi mwathu, wa Sitandade 7, anatenga ndalama zimene amayi ake anapeza atagulitsa mpunga pa msika wa Ntaja, nakazitaya pa njuga. Titamfunsa, anayankha mopanda manyazi kuti, "Aphunzitsi, linali tsoka chabe. Ndikadapambana ndikadabweza." Anzake anatiuza kuti mayankhidwe otere anawatola ku kanyumba koonetsera vidiyo, kuseri kwa magolosale.

Tsono madzulo ena tinapita komweko, tinalipira pakhomo ndi kukhala pa benchi pakati pa ana athu omwe. Ankaonetsa filimu ya ku England ya m'chaka cha 1998, Lock, Stock and Two Smoking Barrels, yokonzedwa ndi Guy Ritchie, mau ake atawamasulira m'Chicheŵa. Anyamata anayi a ku London asonkha ndalama za njuga. Mmodzi wa iwo achenjereredwa pa makadi, natsala ndi ngongole ya mapaundi 500,000 yoti abweze m'sabata imodzi. Pofuna kudzipulumutsa apangana zobera mbala zoyandikana nazo nyumba. Zigaŵenga ziphana zokhazokha mosayembekezeka, anyamata aja napulumuka. Tisabise, nafenso tinaseka mpaka misozi.

Koma pobwerera kunyumba mtima sunakhazikike. Mafilimu otere amaseketsa chifukwa zonse zimaoneka ngati zongogwa zokha: uyu mwayi, uyo tsoka. Komatu palibe amene anamkoka mnyamata uja kuti akakhale pa tebulo la njuga. Anapita ndi miyendo yake. Mwana ali pakati pa phwete, chimenechi sachiona.

Nafenso akulu tili ndi mlandu. Wakuba akagwidwa timati tsiku lake la 40 lakwana, monga ngati linalembedwa kale. Timaiŵala masiku 39 aja, pamene m'maŵa uliwonse iye anali ndi mpata wakuleka, koma sanafune. Mulungu adziŵa mapeto a munthu aliyense, inde, koma sanagwirepo dzanja la mwana ndi kuliloŵetsa m'kansalu ka ndalama ka amake.

Makolo anzathu, kuletsa kokha sikuthandiza, pakuti ana adzapita mozemba. Akabwerako afunseni modekha kuti, "Kodi munthu uja anayambira pati kulakwa?" Inunso achinyamata, sekani ndithu, koma funso limeneli muziliyankha mumtima.

Mnyamata wathu uja anagwira ganyu yopalira chimanga Loŵeruka lililonse kufikira anabweza ndalama zonse kwa amayi ake. Zimenezo sanazitche mwayi. Anati, "Ndinaganiza ndekha, aphunzitsi."