Amisiri Aang'ono a M'nyanja Yamchere

Ife amene tinakulira kutali ndi nyanja yamchere timangomva za korali m'Buku la Yobu, mutu 28, pamene amatchulidwa pamodzi ndi miyala ya mtengo wapatali. Komatu korali si mwala wamba. Ndi nyumba ya laimu yomangidwa ndi tinyama tofewa, tating'ono ngati njere za mawere, tokhala pamodzi miyandamiyanda.

Mwa amisiri amenewa, otchuka kwambiri ndi a fuko la Acropora, lomwe lili ndi mitundu yoposa 100. Ina imakula ngati tebulo, ina ngati nyanga za mbawala. Ku nyanja ya Caribbean kuli iwiri yodziwika, Acropora palmata ndi Acropora cervicornis, imene kale inkayala nkhalango pansi pa madzi, nsomba n'kumabisala ndi kuswana m'nthambi zake.

Chimene chimatigwira mtima ndi ichi: kanyamaka sikadzidalira. M'thupi mwake mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zimene zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa n'kumagawira mwininyumba. Madzi akangotentha ndi digiri imodzi kupitirira muyeso wa m'chilimwe kwa masabata angapo, pangano limeneli limasweka. Ndere zimachotsedwa, korali amayera mbuu, ndipo kutentha kukapitirira amafa ndi njala. Ife tinazolowera kuona kuyera ngati chizindikiro cha Ubatizo ndi Pasaka. Kuno n'chizindikiro cha maliro.

Zimenezi zinachitika kwambiri mu 1998 m'nyanja ya Indian, ndipo mu 2023 kutentha kunapha mitundu iwiri ija pafupifupi yonse ku Florida. Papa Francis, m'kalata yawo ya Laudato Si' ya mu 2015, ndime 41, anayerekeza matanthwe a korali ndi nkhalango zazikulu za pamtunda, nadandaula kuti zochita za anthu n'zimene zikuwawononga. Sitikunamizana kuti mbaula ya m'mudzi ingafanane ndi utsi wa mafakitale a mayiko olemera, ngakhale mpweya umene tonse timautentha ndi umodzi.

Komabe ku Great Barrier Reef, ku Australia, chakumapeto kwa chaka, masiku ochepa mwezi utakhala wathunthu, korali wotsala amatulutsa mazira ake nthawi imodzi usiku, madzi n'kudzaza timadontho tofiirira tokwera pamwamba. Ambiri amadyedwa ndi nsomba. Ochepa amapeza thanthwe lomatirirapo, n'kuyambanso kumanga.