Fomu ya Sekondale Yomwe Inandisowetsa Tulo

Ine Sitandade 8 ndinalemba kawiri. Ulendo woyamba ndinakhoza koma dzina silinatuluke. Ulendo wachiwiri, mu 1994, linatuluka, ndipo bambo anga anagulitsa mbuzi ziwiri kuti andigulire sutikesi, bulangete ndi ndowa. Palibe anatifunsa kuti mukufuna sukulu iti. Boma linkaloza, iwe n'kunyamuka. Ndiye mu Sepitembala 2024, khonsolo ya kuno kummwera kwa London itatilembera kuti tisankhire mwana wathu wamkazi sekondale, ndinaseka. Ndinati izi ndiye zophweka, ngati kusankha tomato pa Lizulu. Sindinadziwe kuti tulo tindithawa mpaka kutha kwa Okutobala.

Kwa inu amene ana anu akadali aang'ono, nkhani yake imayenda chonchi. Kuno ku England mwana amapita ku sekondale ali ndi zaka 11, akamaliza Year 6. Fomu imadzazidwa pa intaneti, ndipo tsiku lomaliza ndi 31 Okutobala. Ku London amalola kulemba sukulu 6, pomwe madera ena amalola 3 zokha. Yankho limabwera kumayambiriro kwa Malichi. Koma mawu akuti kusankhawa asakunamizeni. Inu mumangonena zomwe mukufuna. Ofunsira akachuluka, sukulu zambiri zimayamba ndi ana osungidwa ndi boma, kenaka amene ali ndi akulu awo pasukulupo, otsalawo amawayeza mtunda kuchokera pakhomo kukafika pasukulu. Kwathu kuno amayeza mzere wowongoka wa pamapu, osati msewu womwe mwana adzayende. Mamita ochepa chabe akhoza kukugwetsani.

Za sukulu za grammar, zomwe zimafuna mayeso a 11-plus, ndinazimva kulembetsa kutatsekedwa kale. Anzathu anali atayamba kulipirira ana awo aphunzitsi apadera kuyambira Year 4. Ine nthawi imeneyo ndinali pa naiti, ndikuthamangitsa ndalama za lendi ndi za fizi ya ana a mchimwene wanga ku Ntcheu. Zinandiwawa, koma zinapita.

Zinatsala sukulu zitatu zomwe ndinkaziganizira zenizeni.

Yoyamba inali ya Akatolika, ya atsikana okhaokha, yomwe mayi aliyense wa ku Malawi kutchalitchi kwathu amaitchula motsitsa mawu. Ndi ya boma ndithu, salipiritsa, koma amayamba kutenga ana obatizidwa mu mpingo wawo, ndipo pali fomu ina yomwe wansembe amasayina. Ife ndife a CCAP kuyambira agogo. Ndinailemba pafomu podziwa kuti mwayi ndi wochepa.

Yachiwiri inali academy ina yotchuka ndi mwambo. Ana amayenda chete m'makhonde, ukaiwala cholembera umatsalira ukaweruka. Bambo a kunyumba anaikonda atangolowa pageti. Anati, "Mayi ake, iyi ndiye sukulu. Ikundikumbutsa ahedi athu aja." Zotsatira za GCSE zinali zokongola zedi. Vuto lake, inali kutali, mabasi awiri. Basi ku London ana a msinkhu umenewu salipira, koma mu Disembala kuno dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo ine ndikakhala pa shifiti ya maola 12 foni imakhala mu loka. Mwana wa zaka 11 adzasinthe basi yekha mumdima, mayi ake ali kutembenuza odwala.

Yachitatu inali ya pafupi, ulendo wa mphindi 15 wapansi. Imeneyi aliyense anandiuza kuti ndisayerekeze. "Ana ake ndi osokoneza, asisi, mukamuononga mwana." Nditafunsa kuti munapitako liti, ndinapeza kuti palibe anapondako. Nkhani inali ya ndewu ina yomwe inachitika mwana wanga asanayambe n'komwe nazale.

Apa ndi pomwe mnzanga wina wapamtima anabwera ndi nzeru. Iye amakhala moyandikana ndi academy ija. Anati ndilembe adiresi yake, ena amatero. Ndikuuzeni zoona, ndinaliganizira masiku atatu. Koma khonsolo imafufuza m'mabuku a council tax, ndipo ikakugwirani imalanda malowo, nthawi zina ngakhale mwana atayamba kale. Komanso ine ndine namwino. Dipuloma yanga ndinaivutikira kumudzi, kuno ndinadzavutikanso kuti a NMC andilembe m'kaundula wawo, ndipo bodza lolembedwa pafomu ya boma ndi nkhani yomwe ikhoza kukafika kwa iwo. Chomwe chinandigwetsa mphwayi kwenikweni n'chakuti mwanayo ndikanayenera kumuphunzitsa kunama kuti amakhala kwa anti. Ndinamuthokoza mnzangayo, ndinakana. Anakhumudwa pang'ono, tinakonza pambuyo pake.

Ndinayamba tsono kufufuza ndekha. Pa mipanda ya sukulu pamakhala zinsalu zikuluzikulu zolembedwa Outstanding kapena Good, ziganizo za a Ofsted, oyendera sukulu. Nditawerenga malipoti ake ndinaona kuti ena ndi a zaka zambiri zapitazo, ahedi anasintha kalekale. Ndipo mu Sepitembala 2024 momwemo boma linasiya kupereka chiganizo cha liwu limodzi chija, koma zinsaluzo zinali zikadali pampanda. Chikomekome cha mkuyu. Namwino mnzanga wa ku Ghana ndiye anandionetsa nambala ina yotchedwa Progress 8. Imeneyi siyang'ana kuti ana akhoza angati, koma kuti sukulu yawakweza bwanji poyerekeza ndi mmene analowera. Ziro ndiye pakati. Sukulu yonyozeka ya pafupi ija inali pamwamba pa ziro, osati patali kwambiri ndi academy. Kutanthauza kuti imalandira ana ofooka ambiri, koma imawagwirira ntchito. Dziwani kuti ana olemba GCSE mu 2025 ndi 2026 alibe nambala imeneyi, chifukwa mayeso awo a ku pulayimale anathetsedwa mu 2020 ndi 2021 nthawi ya Covid.

Koma manambala sanandikhutitse. Ine wodi ndimaidziwa ndikangolowa. Sindiyang'ana maluwa a pa desiki. Ndimayang'ana zimbudzi, ndimamvetsera mmene asisitala akulankhulira ndi wokolopa, ndimawerenga kuti a agency alipo angati. Ndinachita chimodzimodzi. Tsiku loonetsa makolo sukulu ndinasiya gulu n'kukalowa m'chimbudzi cha atsikana. Ku academy chinali choyera, koma mwana wina ananditsina khutu kuti nthawi ya maphunziro chimakhala chokiya. Kusukulu ya pafupi chinali chakale, koma zitseko zonse zinkatsekeka ndipo sopo analipo. Ndinafunsa aphunzitsi a masamu kuti akhala zaka zingati pamenepo. Ku academy atatu onse anali atsopano. Kwinaku mayi wina anati zaka 14, ndipo anatchula dzina la mwana wanga molondola ulendo woyamba, atafunsa kaye mwini wake katchulidwe kake. Tsiku la ofu ndinakaima pa siteji ya basi nthawi yoweruka. Phokoso linalipo, sindinama, ndipo mnyamata wina anatukwana mawu oti sindingawalembe pano. Koma aphunzitsi anayi anali panja, mvula ikuwanyowetsa, mpaka basi yomaliza inanyamuka.

Kunyumba kunali mkangano. Bambo ake ankafuna academy, ine mtima unali utatembenuka. Mwini wake tinamufunsa mochedwa, zomwe ndikuchita nazo manyazi. Iye anayang'ana pansi n'kuti, "Mami, kuja ndinkaopa ngakhale kutsokomola."

Chinatipulumutsa ndi lamulo lomwe ambiri salidziwa. Sukulu siiuzidwa kuti mwaiika nambala yanji. Khonsolo imaona sukulu zonse zomwe zingamutenge mwana, n'kukupatsani imene munaiika pamwamba. Choncho kuika ya maloto poyamba sikuononga mwayi wa yachiwiri. Choopsa ndi kulemba imodzi yokha poganiza kuti muwakakamiza, chifukwa mukalephera amakuponyani kulikonse komwe kwatsala malo. Tinalemba ya Akatolika poyamba, ya pafupi kachiwiri, academy kachitatu, ndipo mizere yotsalayo tinaidzazanso. Bambo ake anavomera koma anakhala masiku awiri akungoyankha kuti "chabwino".

Imelo inabwera Lolemba madzulo pa 3 Malichi 2025, ndili pa wodi. Ndinakaiwerengera m'chipinda chosungira nsalu. Anatipatsa yachiwiri. Pano mtsikana amanyamuka 8 koloko ndi anzake awiri, wina wa ku Somalia wina wa ku Poland. French ikumuvuta, ndipo aphunzitsi a sayansi asintha kale kamodzi, zomwe sizinandisangalatse. Bambo ake amatchulabe academy akaona homuweki yochepa.

Usiku umene uja ndinaimbira mayi anga ku Ntcheu kuwauza kuti mdzukulu wawo wapeza malo ku sekondale. Analulutira mpaka foni inadula. Nditaimbanso anafunsa kuti ndi yogonera konko, ndipo ndowa ndamugulira kale?