Mpando wa kukanjira ndi mzere wa pa OR Tambo

Pa kauntala ya bwalo la ndege la Chileka ambiri amafunsa funso limodzi: "Achimwene, ku zenera malo alipo?" Amene njira ya ku Joni anaizolowera amapempha zina. Iwo amafuna mpando wa kutsogolo, woyandikana ndi kanjira. Inenso ndinapempha womwewo, chifukwa masana a tsikulo ndinayenera kukwera ndege ina ya ku Cape Town, ndipo pakati pa ndege ziwirizo panali a imigireshoni, katundu, ndi mtunda woyenda pansi kuchoka ku Terminal A kukafika ku Terminal B.

Mukalowa mu Boeing 737 mumayamba mwadutsa mipando yaikuluikulu ya anthu olipira zambiri, kenako katani, kenako ife tonse. Kanjira n'kamodzi, mipando itatu uku, itatu uko. A ndi F ndi ya kuzenera, B ndi E ndi ya pakati, C ndi D ndiyo ya kukanjira. Wanga unali C, kungodutsa katani pang'ono. Chikwama ndinachiika m'kabati ya pamwamba pa mutu wanga penipeni. Chikakhala kumbuyo, potsika muyenera kulimbana ndi anthu onse amene akubwera kutsogolo, ndipo phindu la mpandowo latha.

Mpandowu uli ndi mtengo wake. Aliyense wolowa amakukhudzani paphewa, ngolo ya zakudya imagunda chigongono, ndipo wa mkati akafuna kupita kuchimbudzi mumaimirira. Kuzenera kunakhala gogo wina wopita kukaona zidzukulu ku Tembisa. Titadutsa pamwamba pa Zambezi anandikodola: "Mwanangu, taonani madziwo." Ndinasuzumira, koma ndinangoona kachigawo kochepa. Iwo anauona mtsinje wonse ukupindika m'dziko la Mozambique, ndipo kwa munthu wosathamangira kanthu mpando wawo unali woposa wanga.

Pakati pa ndege, moyang'anana ndi mapiko, pali mizere ya makomo otulukira pangozi. Anthu amaikonda chifukwa miyendo imatambasuka, koma tisananyamuke wothandiza anthu m'ndege anaima pamenepo n'kufunsa okhalapo ngati angathe kutsegula khomolo zinthu zitavuta. Ana sakhalapo, odwala ndi onyamula makanda sakhalapo, ndipo chikwama sichiloledwa kumapazi. Makomowa pa tsiku wamba satsegulidwa, choncho sakuthandizani kutsika msanga. Ntchito yake ndi ya tsiku loipa. Ndege zazikulu zisanavomerezedwe kunyamula anthu zimayesedwa kuti onse atuluke m'masekondi 90, theka la makomo lili lotseka. N'chifukwa chake ndikangokhala pansi ndimawerenga mizere ya mipando kufika pa khomo lapafupi, la kutsogolo ndi la kumbuyo, pakuti mu utsi maso sagwira ntchito koma dzanja limatha kuwerenga mipando. Pa tsiku limenelo chikwama chimasiyidwa. Wochikoka amatsekereza njira ya anzake.

Patatha maola awiri ndi kanthu tinayamba kutsikira ku bwalo la OR Tambo ku Kempton Park. Bwaloli lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'miyezi ya June ndi July mphepo yake imaluma. Wotchi sisintha, nthawi ya ku Malawi ndi ya ku South Africa ndi imodzi. Kabelu ka lamba katangolira, ndege yonse inadzuka nthawi imodzi ngati mpingo poyamba nyimbo, koma otha kuyenda anali a kukanjira okha. A kuzenera anangowerama pansi pa makabati kudikira.

Apa pali chinthu chimene simungachidziwe muli ku Chileka. Ndege ikaima pa kamlatho kolowera m'nyumba, khomo lotseguka ndi la kutsogolo kumanzere, ndipo a kutsogolo amapambana. Ikaima kutali, mumatsika pa makwerero n'kukwera basi. Zikatero woyamba kutsika amakankhidwira mkati mwa basi, ndipo wolowa pomaliza, amene waima pakhomo, ndiye woyamba kutuluka. Ife tinaima pa kamlatho. Ndinatsitsira gogo aja chikwama chawo, n'kutsanzika, n'kuyamba kuponda.

Njira yake ndi yaitali, ya magalasi ndi zikwangwani zolozera olowa m'dziko kwina, opitirira ku mayiko ena kwina. Holo ya imigireshoni ndiyo imaonetsa chifukwa chimene mpando uja unafunikira. Bwaloli limalandira ndege zazikulu zochokera ku Dubai, Doha, London ndi Addis Ababa, ndipo imodzi yokha imatha kutsitsa anthu oposa 300. Mphindi zisanu zimene mwapeza potsika zikhoza kukuikani patsogolo pa khamu limenelo kapena kumbuyo kwake. Ndinafika mzere uli waufupi, ndipo ndisanafike pa tebulo ndinamva phokoso la mawilo a zikwama likusefukira kumbuyo kwanga.

Pa tebulo liwiro silithandizanso, chofunika ndi kukonzeka. Pasipoti ikhale m'manja, yokhala ndi masamba opanda chidindo. Tikiti yobwerera ndi adiresi ya kumene mukagone zikhale pafupi, osati pansi pa chikwama. Ofesala anandifunsa chimene ndadzera ndi tsiku lobwerera, n'kudinda. Mmalawi wodzacheza amapatsidwa masiku osapitirira 30 popanda viza, ndipo ndi nzeru kuwerenga tsiku lolembedwa pa chidindo musanachoke pamenepo.

Kutsogolo kwake kuli malamba ozungulira a katundu, ndipo apa onse amafanana. Sutikesi siidziwa kuti mwini wake anakhala mpando uti. Ndinaona bambo wina amene anandipitirira m'njira ali chiimire, maso pa lamba wopanda kanthu. Ine ndinali ndi chikwama cha m'manja chokha, choncho ndinalunjika njira yobiriwira ya a kasitomu, ya anthu opanda katundu wolipirira msonkho, n'kutulukira m'holo yaikulu momwe muli chiboliboli cha Oliver Tambo, amene bwaloli linatenga dzina lake mu 2006. Olandira alendo anali atatsamira pa zitsulo ndi mapepala a mayina. Zikwangwani zina zinkaloza kumtunda ku sitima ya Gautrain, imene imafika ku Sandton m'mphindi pafupifupi 15. Ine ndinakhotera ku Terminal B, ndipo ndege ya ku Cape Town ndinaipeza anthu asanayambe kukwera.

Mpando muziusankha poganizira zimene zikukudikirani pansi. Ngati pali ndege ina yoti muipeze ndipo katundu wanu ndi wa m'manja, pemphani C kapena D wa kutsogolo, ndipo muchite zimenezi msanga, pa intaneti kapena pofika pa kauntala m'mawa. Ngati mwapereka masutikesi awiri ndipo achibale akukudikirani panja, khalani kuzenera, muone Zambezi, ndipo kabelu kakalira mupatse njira mnzanu amene ndege yake ili pafupi kunyamuka.