UMBONI WANGA: MIYEZI 8 NDIKUTHAWA KALAVANI

Lero ndalemba motalika, ndiye pezani pokhala.

Ambiri mwaona chithunzi chimene achinyamata anaika Loweruka lija, ine nditaima pambali pa kalavani pansi pa mtengo wa mango ku Golomoti, ndipo mwalemba kuti "abusa ndinu dolo." Zikomo, koma chithunzi sichinena zonse. Dolo mukumunenayo anakhala miyezi 8 akuithawa kalavani imeneyo, ndipo nthawi yonseyo ankakunamizani. Bola mumve kwa ine mwini.

A mumpingo mukudziwa mmene inabwerera. M'bale wathu wina atagwira ntchito zaka zambiri ku Johannesburg anabwerera kumudzi akukoka kanyumba koyenda kameneka. Ndi kakale ndithu, koma muli bedi, kabati ndi malo oika katundu. Anaipereka kumpingo kuti tikamapita kumisonkhano ya kumidzi tizinyamuliramo masipika ndi jenereta, komanso ine ndi amayi busa tizigonamo m'malo movutitsa anthu kutisiyira nyumba zawo. Tsiku limenelo tinavina. Ine ndinaima kutsogolo n'kulengeza kuti mwezi wamawa womwewo tinyamuka.

Lolemba lake ndinabwereka pikapu ya mkulu wa mpingo, n'kuikoletsa. Ndayendetsa galimoto zaka 14, ndiye mumtima ndinkati palibe chachilendo. Kupita kutsogolo zinayenda bwino mpaka ndinafika pa filing'i ina mu Lilongwe muno. Nditathira mafuta ndinapeza minibasi yatseka kutsogolo. Njira inali imodzi, rivesi.

Abale anga, ndinakhotetsa siteringi kuti kalavani ipite kumanja, iyo n'kupita kumanzere. Ndinabweza, iyo n'kuthawira kwina. Galimoto inkalimbanso ngati wina waigwira kumbuyo, ine n'kuponda moto kwambiri. Anyamata a kabaza anasonkhana, aliyense akukuwa zake. "Dulani big man!" "Ayi bwezani!" "Tiye nayo!" Thukuta linatsika mpaka kolala inanyowa. Kenako ndinangomva phwaa! Kalavani ndi pikapu zinapindana ngati mpeni wa m'thumba, ngodya ya kalavani n'kuswa nyali ya kumbuyo ya galimoto ya eni ake. Kondakitala wina anafuula kuti, "Abusa, ipempherereni iwongoke!" Filing'i yonse inafa nacho chiseko. Anyamata omwewo ndi amene anaimasula n'kuitembenuza ndi manja, ine nditangoima poteropo ngati mlendo.

Nyali ndinalipira. Koma chimene chinasweka mkati mwanga sichigulidwa kwa ogulitsa masipeyala.

Kuyambira tsiku limenelo kalavani inakhala kuseri kwa tchalitchi, udzu n'kumera m'matayala. Mukandifunsa ndinkati tikudikira mapepala. Mwezi wina ndinkati matayala atha. Mvula itayamba ndinapuma, poti chifukwa chinapezeka chaulere. Mapepala analidi ofunika, koma ine sindinkawathamangira. Zoona zake n'zakuti ndikangoiona, m'mimba munkatentha. Usiku ndinkalota ndikubwerera m'mbuyo, kumbuyoko kuli ana. Lamulungu ndinkalalikira za kulimba mtima, Lolemba ndinkazungulira njira ina kuti ndisadutse pamene inaima. Ndipo abale a ku Golomoti amene anatiitana ndinawasinthira tsiku katatu. Kachitatu anali atagaya kale chimanga cha alendo.

Mumpingo mwathu muli bambo wina wachikulire amene sakonda kuyankhula, amakhala benchi ya kumbuyo. Moyo wawo wonse anayendetsa mathiraki, njira za ku Beira ndi ku Durban. Tsiku lina titaweruka anandidikira pakhomo mpaka anthu onse atapita. Anati, "Abusa, kalavani ija ilibe vuto la mapepala. Mukuiopa." Ndinafuna kukana, koma pakamwa panauma. Ndinangoti, "N'zoona bambo." Iwo anati, "Ndiye mawa 5 koloko m'mawa tikumane pagalaundi ya mpira. Mubwere ndi zidebe zinayi ndi amayi. Jekete musiye kunyumba."

Safunsa anadya phula. Ine ndinadya phula miyezi 8 mphunzitsi ali pa benchi ya kumbuyo.

Tisanalize n'komwe galimoto, anandionetsa kachitsulo kena pa mkono wa kalavani, pafupi ndi pokolera. Anandifotokozera kuti kalavani ili ndi mabuleki akeake. Galimoto ikamaima, kalavani imakankha pokolera paja, ndipo kukankhako ndi kumene kumagwiritsa mabuleki ake. Ndiye ukamapanga rivesi, galimoto imakankha malo omwewo, mabuleki n'kugwira. Zatsopano zimadzimasula zokha, koma zakale ngati yathuyi umayenera kutsika n'kutembenuza kachitsuloko usanabwerere m'mbuyo, ukatha n'kukabwezeretsa. Abale, tsiku lija pa filing'i ndinkalimbana ndi mabuleki! Chimene ndinkachiyesa chimphona chinali kachitsulo kotalika ngati chala changa.

Kenako anati, "Chotsani manja pamwamba pa siteringi. Ikani dzanja limodzi pansi pake." Anandiuza kuti dzanja likakhala pansi, kumene walipititsa n'kumene matako a kalavani amapita. Dzanja kumanja, kalavani kumanja. Dzanja kumanzere, kalavani kumanzere. Mutu susokonezekanso ndi zoti ukhotetse mosemphana. Ndinayesa, n'kuona pagalasi ikumvera. Ndinakuwa ngati mwana.

Koma chisangalalo chinandipweteketsa, ndinakhotetsa kwambiri, chidebe choyamba n'kuphwanyika. Madala aja sanaseke. Anati kalavani imachedwa kuyankha, koma ikayankha imapitirira, ndiye umaipatsa pang'ono n'kudikira, ikayamba kukhota iwe n'kuyamba kubweza siteringi kuti uitsatire. Anati ngolo yaifupi imavuta kuposa ya thiraki, chifukwa yaifupi imapindika msanga. Ndipo liwiro la rivesi lisapose la munthu woyenda ndi ndodo.

Mawu amene anandimasula kwenikweni ndi awa. Anati, "Abusa, mukaona yayamba kupindika, imani. Pitani kutsogolo, iwongoke, muyambirenso. Kupita kutsogolo si kulephera. Ine pa doko ku Beira ndinkabwereza kanayi, kasanu, anthu akuyang'ana. Amene amaswa zinthu ndi amene akufuna kulowa kamodzi kuti awomberedwe m'manja." Mawu amenewo anandilasa, chifukwa anandionetsa kuti chimene ndinkaopa kwambiri sichinali chitsulo ayi. Ndinkaopa kusekedwa.

Tsopano za amayi busa. Ntchito yawo inali kuima kumbuyo n'kumandilondolera. Tsiku loyamba tinakangana, ndisakubisireni. Iwo akukuwa kuti "uko, uko!", ine sindikudziwa kuti uko ndi kuti. Ndinatulutsa mutu pawindo n'kuyankhula mawu amene m'busa sayenera kuyankhula kwa mkazi wake. Anangotembenuka n'kukakhala pa chidebe. Madala aja anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kapepeseni kaye, galimoto idikira." Ndinapita, ndinapepesa. Kenako anatipangira malamulo. Wolondolera ndi mmodzi yekha, ena onse ngakhale akuwe bwanji usawamvere. Aime pamene ukumuona pagalasi, ndipo akangosowa pagalasi, ponda buleki pompo. Osanena kuti uko, koma aloze ndi mkono kumene matako a kalavani apite, ndipo akakweza manja onse awiri ndiye kuti ima. Ukakayika, tsika ukaone ndi maso ako, ngakhale kakhumi. Anandiphunzitsanso kuti ndikamakonzekera kulowa malo, ndiziima moti kalavani ikhotere kumanja, mbali imene dalaivala amakhala, chifukwa kumeneko umaiona yonse pawindo. Kumanzere umangoganizira.

Tinachita zimenezi masabata atatu, m'mawa uliwonse kupatula Lamulungu. Zidebe zinaphwanyika zitatu. Pa nthawi yomweyo ndinakonza za laisensi, chifukwa ya B imene ambiri tili nayo imathera pa ngolo ya makilogalamu 750, ndipo kalavani yathu imaposa pamenepo. Amene mukuganiza zokoka ngolo yaikulu, yambani mwaona zimenezo.

Tsiku la ulendo linafika. Ndinazungulira kalavani monga anandiphunzitsira. Pokolera patsekeka bwino pa mpira wachitsulo uja, tcheni chakoledwa, kawilo kakutsogolo kakwezedwa n'kumangidwa, miyendo ya m'makona yakwezedwa, mpweya uli bwino m'matayala, amayi ali kumbuyo kuona ngati nyali za buleki ndi ma indiketa zikuyaka. Chimodzi chokha sindinaone. Nthawi imene anyamata ankalonga katundu, ine ndinali pakhomo kutsanzikana ndi anthu.

Tinatenga M1. Tinadutsa Nathenje bwinobwino, mtima n'kuyamba kukhazikika, phazi n'kuyamba kulemera. Tisanafike pa Linthipe, pamalo potsetsereka, thiraki yaikulu inatidutsa ndi chimphepo chake. Ndinangomva galimoto ikugwedezeka. Kuyang'ana pagalasi, kalavani ikuvina, uku, uku, ndipo kuvinako kukukulirakulira. Amayi anagwira dashibodi n'kuyamba kuitana dzina la Yesu. Mwendo wanga unathamangira pa buleki. Koma m'khutu munamveka mawu a madala aja pagalaundi: ikayamba kuvina usaponde buleki mwamphamvu, usalimbane nayo ndi siteringi, usawonjezere moto. Chotsa phazi pa moto pang'onopang'ono, gwira siteringi mowongoka, liwiro litsike lokha. Ndinachita zomwezo, manja akunjenjemera. Inavina kanayi kapena kasanu, kenako n'kukhazikika.

Ndinapatuka pamalo otakasuka n'kutsegula chitseko cha kalavani. Jenereta ndi masipika akuluakulu onse anali kumapeto kwenikweni, kumbuyo kwa matayala. Anyamata sanalakwe, palibe anawauza. Wolakwa ndinali ine. Katundu wolemera amayenera kukhala pansi, pamwamba pa matayala kapena kutsogolo kwake pang'ono, kuti mkono wa kalavani uzitsamira pa galimoto. Akakhala kumbuyo, mkono umapepuka, kalavani n'kuyamba kulamulira galimoto. Tinatsitsa zonse pambali pa msewu n'kulonganso, n'kumanga ndi zingwe. Kuchokera pamenepo sindinapitirire 70.

Titadutsa Dedza tinafika pa Masasa, pokhotera ku Khwekhwerere. Amene munatsikapo msewu umenewu mukuudziwa, makona okhaokha, phompho pambali, chigwa chikuoneka pansi kutali. Ndinaima kaye pamwamba. Ndikanama ndikati mantha anali atatha. Analipo, koma tsopano ndinkadziwa chochita. Ndinaika giya 2 kuti injini izigwira galimoto, buleki n'kumaponda mwachidule n'kusiya, osaigonera, poti ikatentha imasiya kugwira. M'makona ndinkalowa motakasa, chifukwa matayala a kalavani amadula njira kuposa a galimoto. Kumbuyo kunadzaza magalimoto, wina akuliza hutala. Kale ndikanathamanga kuti ndiwasangalatse. Ulendo uno ndinadikira mpaka malo abwino, n'kupatuka, iwo n'kudutsa, ine n'kutsika kukayandikiza dzanja pa mawilo kuti ndimve kutentha kwake. Tinapuma mpaka anazizira. Kuthamanga sikufika.

Tinalowa m'mudzi dzuwa litapendeka. Anthu anatilandira ndi nyimbo, ana akuthamangira kanyumba koyenda. Amfumu analoza malo amene anatikonzera, pakati pa mtengo wa mango ndi nkhokwe, ndipo kunalibe njira ina yolowera koma cham'mbuyo. Mudzi wonse unaima kuyang'ana. Filing'i ija inabwereranso m'maso mwanga.

Ndinatsika. Ndinapempha amayi a m'mudzimo kuti agwire ana onse aime nawo kutsogolo kwa galimoto kumene ndikuwaona. Ndinayenda malo onse ndi miyendo, ndinayang'ana nthambi za m'mwamba, ndinachotsa mwala umodzi, ndinatembenuza kachitsulo kaja. Amayi busa anaima pagalasi langa la kumanja. Abambo ena anayamba kale kukuwa malangizo awo, ine maso pa mkono wa amayi basi. Koyamba inapita kufupi ndi nkhokwe, ndinaima, n'kupita kutsogolo. Kachiwiri inayamba kupindika, ndinaima, n'kupita kutsogolo. Mnyamata wina anaseka mokweza, ndinamumva, koma sizinandilase. Kachitatu inalowa mwakachetechete ngati nkhuku yolowa m'khola, amayi n'kukweza manja onse awiri. Chithunzi mwachionacho chinajambulidwa pamenepo. Usiku umenewo ndinapepesa pamaso pa abale aja chifukwa cha maulendo atatu amene ndinawasinthira, ndipo ndinawauza chifukwa chenicheni.

Kwa inu a mumpingo, ndikhululukireni chifukwa cha nkhani ya mapepala ndi matayala ija. Ndinasankha kunama m'malo monena kuti ndikuopa ndipo sindikudziwa. Ndinapempherera mantha amenewa miyezi yambiri, ndipo yankho silinatsike ndi bingu. Linabwera litavala malaya akale, likuchokera pa benchi ya kumbuyo, n'kundiuza kuti ndibwere ndi zidebe.

Mwina inunso muli ndi chinthu chimene munachiimika kuseri, udzu ukumera, ndipo mukafunsidwa mumati mukudikira mapepala. Yang'anani bwino amene mwakhala nawo pafupi. Pali wina amene anadutsamo, akungodikira kuti muvomere.

Loweruka likubwerali 5 koloko m'mawa tili pagalaundi pomwe paja. Madala avomera kuphunzitsa aliyense wa laisensi amene akufuna, abambo ndi amayi omwe, kuti kalavani imeneyi isadalire munthu mmodzi. Bwerani ndi chidebe chimene simukuchifunanso.

Ambuye akudalitseni nonse. Amene mwawerenga mpaka pano lembani Amen.