Phunziro la Pulagi pa Msewu wa Khwekhwerere

Msewu wa Khwekhwerere, wochokera ku Golomoti kukwera ku Dedza, umayesa munthu ndi njinga yake yomwe. Kuchigwa, njinga yanga yamoto yakale ya Honda inkathamanga bwino, koma nditafika m'makhotakhota a kumapiri inayamba kutsamwa ndi kufuka utsi wakuda. Nkhawa yanga inali pa alimi amene ankandidikira kumsonkhano.

Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Kumeneko makaniko wina wachikulire sanafunse zambiri. Anamasula pulagi nandionetsa nsonga yake: inali bii ndi mwaye. Anafotokoza kuti kumapiri mpweya ndi wopepuka, kotero kabuleta yochunidwira kuchigwa imamwetsa injini petulo wopyola muyezo. Pulagi ikayera mbuu ngati phulusa, ndiye kuti petulo akuchepa; injini imatentha kwambiri ndipo pisitoni ikhoza kubooka. Pulagi yabwino imaoneka ngati mtedza wokazinga.

Bambowo anayamba atsuka sefa ya mpweya, kenaka anatsitsa pang'ono singano ya m'kabuleta. Atathamangitsa njingayo pamsewu, anaizimitsa nthawi yomweyo n'kuonanso pulagi. Mwaye unali utayamba kuchoka.

Potsanzikana anandichenjeza kuti pobwerera ku Golomoti ndikabwezere singanoyo m'malo mwake, chifukwa muyezo wa kumapiri ungaotche injini kuchigwa. Alimi ndinawapeza akadali pansi pa mtengo. Kuyambira tsikulo, sipanala ya pulagi siichoka m'chikwama changa.