Kuchinkhoswe ku Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Ana athu masiku ano akukwatira kutali. Wina apita kukagulitsa nsomba ku Mponela, wina kukaphunzitsa ku Ntchisi, kenaka timva kuti wapeza mbeta komweko. Tsono ife makolo a ku Salima ndi ku Nkhotakota tiyenera kukwera mapiri kukakhala nawo pa chinkhoswe, pakati pa khamu limene tidziwapo anthu awiri kapena atatu basi.

Alendo otere manyazi amawagwira. Amaunjikana pa mphasa imodzi nkumanong'onezana zakwawo mpaka dzuwa kupendeka. Koma eni mudzi saona manyazi, amaona kunyada. Paja mlendo ndi mame: ife mawa tibwerera kunyanja, koma mnyamata wathu atsala pa chikamwini, ndipo mawu oti "akwanu aja ngonyada" adzawamva ndi iyeyo.

Chimene chimatimanga kwambiri ndi chakudya. Dera ili Chikhristu chinazika mizu kalekale. Mishoni ya Mvera, imene timaidutsa pochoka ku Salima, inayamba mu 1889. Ambiri amaweta nkhumba, ndipo pamidzi ina masese sasowa pa mwambo. Kukankha mbale anthu akuona kumapweteka mtima wa wophika. Nkhaniyi ithere kwa ankhoswe kudakali masiku, ndipo mmodzi wa ife atsogole kukazinga mbuzi ndi nkhuku. Sitinakanizidwepo. Taonanso kuti wozingayo ndiye amayamba kupeza abwenzi, chifukwa posenda mbuzi palibe amene amakhala duu. Pofika ife, iye akudziwa kale mbiya ya thobwa, akudziwanso mbiya yoti tiilambalale.

Malonje tisawathamangitse. Tinene m'mene tayendera, amene tawasiya kumudzi, ndi m'mene nyanja ilili ndi mwera. Kenaka tifunse mfunda. Bambo amene tamutchula kuti a Phiri, kapena mayi amene tamuitana kuti a Nabanda, amasendera pafupi yekha. Akatero tifunse za mitengo ya fodya, soya ndi mtedza, nkhani zimene mlimi wa kuno sangazithe msanga. Ifenso atifunsa ngati chambo chikadalipo.

Amayi athu njira yawo njaifupi. Thumba la usipa wouma ndi mpunga wa kilombero akazipereka, amange chitenje nkulowera kumafuwa. Mpunga wa anthu ambiri amauphika bwino ndi amayi a kunyanja, ndipo anzawo a kumapiri amavomereza zimenezi mosachita kaduka.

Pa perekaniperekani, amene sakonda kuvina asadzikakamize. Tisinthiretu ndalama zing'onozing'ono, ndipo akaitana akuchimuna tiimirire tonse, tiyende mwaulemu kukaponya m'lichero, mwana wathu atione.

Tisaiwalenso majuzi. Miyambo yambiri imachitika anthu atakolola, mu June ndi July, pamene chisanu cha ku Ntchisi chimalowa m'mafupa. Pofika madzulo macheza onse amasamukira pamoto, ndipo pamenepo malo a mlendo amapezeka.